Maina amene Chingerezi chidatcha eni nthaka

Kutcha dzina si ntchito yamasewera, ndipo makolo athu adachizindikira chimenechi kalekale, pakuti mwana akatuluka m'chikuta sankapatsidwa dzina ndi munthu wongodutsa m'njira, koma ndi mbale amene akuluakulu adamsankha. Ndiponso mnyamata akabwerako kudambwe ndi dzina lake latsopano, aliyense womuitana ndi dzina la paubwana ankapalamula mlandu. Ngakhale m'buku la Genesis, chizindikiro choyamba cha ulamuliro wa Adamu pa zamoyo zonse chidali chakuti iye ndiye adazitcha maina. Tsono pamene mtundu wina wa anthu uyamba kutcha maina mitundu inzake popanda kuifunsa, tiyenera kutchera khutu, chifukwa kawirikawiri dzina ndilo limatsogola, ndipo kulanda nthaka kumatsata pambuyo pake. Chingerezi, chimene chidaoloka nyanja zonse pamodzi ndi zombo, mfuti, malonda ndi mabuku, chidafika m'maiko ambiri momwe mudali kale eni ake, ndipo mawu amene chidawafotokozera anthuwo adagwira ntchito yaikulu yoposa imene ambiri amaganiza.

Dzina lakale koposa lidabadwa mwa kusokera. Pa 12 Okutobala 1492 Christopher Columbus, amene adanyamuka ku Spain kukafuna njira ya kumadzulo yofikira ku maiko a zonunkhira a ku Asia, adakocheza pa chilumba chimene eni ake ankachitcha Guanahani, m'zilumba za Bahamas. Ndipo poyesa kuti wafika kufupi ndi India, adawatcha anthuwo "indios", dzina limene Angerezi adalitola ndi kulisandutsa "Indian". Ndadziwakale adamanga nyumba yopanda khomo. Kusokerako kudadziwika pasanapite zaka zambiri, koma dzinalo silidachoke, ndipo lidaphimba pansi pake mitundu mazanamazana yosiyana zinenero ndi miyambo: a Haudenosaunee, amene adali ndi chitaganya cha mitundu isanu ndi bwalo lake la akuluakulu Azungu asanafike, a Haida, osema mabwato aakulu a m'nyanja yamchere, a Lakota, osaka njati m'zigwa zazikulu za udzu. Anthu amene sakadamvana ngakhale moni adayesedwa mtundu umodzi, chifukwa mlendo sadaone chifukwa chowasiyanitsira.

Komatu dzina losokera palokha silikadapweteka kwambiri likadapanda kuyenda ndi mawu ena oweruza khalidwe. Loopsa mwa onsewo lidali "savage", limene muzu wake uli m'liwu la Chilatini lotanthauza nkhalango, kotero kuti wotchedwa motero ankayesedwa munthu wa m'thengo, mnansi wa zilombo, wopanda mudzi ndi wopanda mwambo. Chikalata chimene madera 13 a ku America adalengezera ufulu wawo mu 1776, chomwe chija chonena kuti anthu onse adalengedwa ofanana, chimawatchula eni nthaka ndi liwu lomweli, ndi kuwonjezapo kuti ngopanda chifundo. Patapita zaka ngati 100 anthu ophunzira adaliveka ganizoli mwinjiro wa sukulu. Edward Tylor adatulutsa buku lake lotchedwa Primitive Culture mu 1871, ndipo Lewis Henry Morgan, m'buku lake la Ancient Society la mu 1877, adaphunzitsa kuti mitundu yonse imakwera makwerero amodzi, kuyambira pa umbuli wa m'thengo, kudzera pa khalidwe lapakati, kufikira pa chitukuko, pamene adaikapo anthu a mtundu wake. Morgan sadali munthu wa mtima woipa, pakuti adakhala nawo a Seneca nawathandiza pa mlandu wa malo awo. Koma chiphunzitso chake chidachititsa kuti munthu wamoyo, wolima munda wake chaka chomwecho ndi kulera ana ake, aoneke ngati chotsalira cha nthawi yamakedzana, chimene sichingachitire mwina koma kutha.

Kuchokera pamenepo Chingerezi chidakhala ndi mawu awiriawiri a chinthu chimodzi, lina la kwawo ndi lina la kwa eni nthaka, ndipo ife a kuno tidawamva ndi makutu athu m'masiku a Nyasaland. Wolamulira wa ku Britain adali "king", koma Kalonga, Undi ndi Lundu, amene maufumu awo adatambalala kuchokera ku Luangwa kufikira kuchigwa cha Shire, adali ma "chief". Anthu a ku Wales adali "nation", pamene Achewa, Ayao, Alomwe ndi Atumbuka adali ma "tribe". Nyumba ya mlendo idali "house", yathu idali "hut", ndipo msonkho umene boma la Harry Johnston lidakhazikitsa m'zaka za m'ma 1890, umene udatulutsa amuna m'midzi kukagwira ntchito m'minda ya Azungu, udatchedwa ndi liwu lomwelo. Sing'anga, amene ankadziwa mizu yoletsa kutsegula m'mimba ndi kumanga fupa lothyoka, adatchedwa "witch doctor", dzina limene m'makutu mwa ambiri lidamuphatikiza ndi mfiti, mdani wake weniweni. Sindikunena kuti zonse za makolo zidali zoyera, iai. Mwavi udapha anthu osalakwa, ndipo lamulo la mu 1911 loletsa mwavi lidapulumutsa miyoyo. Koma kudzudzula mwambo umodzi woipa ndi chinthu china, ndipo kuika mwambo wonse wa anthu pansi pa dzina lonyoza ndi chinanso. Gule wamkulu, amene amishoni ambiri adamlemba ngati chikunja ndi ntchito ya mdima, ndi yemweyo amene bungwe la UNESCO lidamlengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Guleyo sadasinthe, adasintha ndi maso a oonera.

Kuti mawu amabala malamulo, dziko la Canada likutionetsa poyera. Mu 1876 nyumba ya malamulo ya dzikolo idakhazikitsa lamulo lotchedwa Indian Act, limene lilipobe mpaka lero ngakhale lidakonzedwa kambiri, ndipo lamulolo lidapatsa boma mphamvu yonena kuti "Indian" ndani ndipo wosakhala "Indian" ndani, kotero kuti mkazi wokwatiwa ndi mwamuna wa mtundu wina ankafafanizidwa m'kaundula wa anthu a kwawo, iye pamodzi ndi ana ake, kufikira chaka cha 1985. Mu 1884 adaletsa mwambo wa potlatch, phwando lalikulu la mitundu ya kugombe la kumadzulo, pamene mfumu imagawa chuma chake kwa oitanidwa kuti akhale mboni za ukwati, za dzina kapena za kulowa ufumu. Olamulira, poona mabulangete akugawidwa mazanamazana, adati kumeneko nkumwaza chuma kwa anthu osadziwa kusunga. Pamene Dan Cranmer wa mtundu wa Kwakwaka'wakw adachititsa potlatch mu 1921, anthu oposa 40 adagwidwa, ena ngati 20 adaponyedwa m'ndende, ndipo zigoba zawo zovina nazo zidalandidwa ndi kutumizidwa ku nyumba zosungiramo zinthu zakale. Chiletsocho chidachotsedwa mu 1951, koma zigobazo zidayamba kubwerera kwawo cha m'ma 1979. Ana ngati 150,000 adachotsedwa m'manja mwa makolo awo ndi kuikidwa m'sukulu zogonera komweko, kumene ankametedwa tsitsi, kumenyedwa akalankhula chinenero cha amayi awo, ndi kupatsidwa maina achilendo, monga momwe Danieli ndi anzake atatu adasinthidwira maina m'nyumba ya mfumu ya ku Babulo. Ambiri adafera komweko, ndipo sukulu zotsiriza zidatsekedwa m'zaka za m'ma 1990. Kumpoto kozizira, a Inuit, amene Chingerezi chinkawatcha "Eskimo", adapatsidwa kuyambira m'ma 1940 timamendulo tozungulira tovala m'khosi, tolembedwa chilembo E kapena W ndi nambala, chifukwa akalaliki a boma ankalephera kulemba maina awo. Ndipo makalata a boma ankabwera olembedwa nambalayo m'malo mwa dzina limene mwanayo adalandira kwa gogo wake.

Koma kumene mawu adagwira ntchito yoopsa koposa ndi ku Australia, ndipo nkhani yake iyenera kufotokozedwa mofatsa. Pamene zombo za Arthur Phillip zidakocheza ku Sydney Cove pa 26 Januwale 1788, dzikolo lidali ndi anthu amene makolo awo adakhalamo zaka zoposa 50,000, olankhula zinenero ngati 250, mtundu uliwonse ndi dera lake lodziwika malire. Angerezi adawatcha onsewo "Aborigines", kuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza kuti kuyambira pachiyambi. Ndipo chodabwitsa nchakuti dzina lovomereza kuti anthuwo adalipo chiyambire lidayenda pamodzi ndi lamulo lokana kuti dzikolo lidali lawo. Popeza sadaone minda yolimidwa ndi khasu, kapena mipanda, kapena mfumu yokhala pampando, alendowo sadanene kuti adagonjetsa dzikolo pankhondo kapena kuti adaligula. Adati "settled", ndiko kuti adangofika ndi kukhazikika, monga achitira munthu pa tsala lopanda mwini. Liwu limenelo lidali ndi mphamvu m'bwalo lamilandu, pakuti dziko logonjetsedwa limasunga malamulo a eni ake kufikira atasinthidwa, koma dziko longokhazikikamo liyesedwa lopanda lamulo lililonse. Mu 1835 John Batman adapangana ndi akuluakulu a Wurundjeri za malo a kumene kuli mzinda wa Melbourne lero, nawapatsa mabulangete, mipeni ndi ufa. Panganolo lidali lachinyengo ndithu, koma bwanamkubwa Richard Bourke adalithetsa pa chifukwa china, chakuti anthuwo sangagulitse nthaka imene ili ya mfumu ya ku Britain. Chiphunzitso chimenechi ndicho chidadziwika pambuyo pake ndi dzina la Chilatini lakuti terra nullius, nthaka yopanda mwini.

Mu 1963 a Yolngu a ku Yirrkala, poona kuti malo awo aperekedwa kwa okumba miyala ya bauxite iwo osafunsidwa, adatumiza madandaulo awo ku nyumba ya malamulo ku Canberra atawamata pa makungwa a mtengo ojambulidwa zizindikiro za mafuko awo. Mlanduwo udafika kubwalo, ndipo mu 1971 woweruza Richard Blackburn adavomereza kuti anthuwo adali ndi malamulo enieni, olongosoka bwino. Komabe adagamula kuti ubale wawo ndi nthaka sudali umwini umene lamulo la Angerezi limaudziwa, popeza kudaoneka kuti anthuwo ndiwo a nthaka koposa kuti nthaka ikhale yawo. Taonani kulemera kwa chigamulo chimenechi: anthu adataya mlandu chifukwa chakuti chikondi chawo pa dziko la makolo chidali chozama koposa chimene liwu la Chingerezi lonena za katundu likadatha kunyamula. Naboti wa ku Yezireeli, amene adakana kugulitsa munda wake wamphesa chifukwa udali cholowa cha makolo, akadawamvetsa a Yolngu msanga kuposa bwalo lija.

Amene adagwetsa chiphunzitso cha terra nullius adali munthu wosamalira maluwa ndi kapinga pa yunivesite ya James Cook ku Townsville, dzina lake Eddie Koiki Mabo, wobadwira pa chilumba cha Mer m'nyanja ya Torres Strait. Kwawoko banja lililonse lidali ndi munda wake wa zilazi ndi nthochi, malire ake odziwika ndi miyala ndi mitengo, wolandiridwa kuchokera kwa atate; ndipo pamene aphunzitsi a mbiri yakale Henry Reynolds ndi Noel Loos adamuuza pocheza kuti mwa lamulo mundawo sudali wake koma wa boma, iye adazizwa kwakukulu. Mu 1982 iye ndi anzake a pachilumbapo adakasuma, ndipo mlanduwo udatha zaka 10. Pa 3 Juni 1992 bwalo lalikulu la Australia, oweruza 6 mwa 7, lidagamula kuti umwini wa eni nthaka udalipo Angerezi asanafike, ndipo sudafafanizike ponseponse ndi kufika kwawo. Mabo mwini sadamve chigamulocho, pakuti adamwalira ndi matenda a khansa mu Januwale chaka chomwecho.

Si mawu onyoza okha amene amasokeretsa. Alipo ena okoma m'khutu amene amachepetsa chinthu mwakachetechete. Francis Gillen, mkulu wa nyumba ya telegalafu ku Alice Springs, ndi Baldwin Spencer, mphunzitsi wa sayansi ya zamoyo ku Melbourne, amene adalemba za a Arrernte m'zaka za m'ma 1890, adafalitsa liwu limene lidasanduka "Dreamtime", nthawi ya maloto, pofuna kumasulira chiphunzitso cha anthuwo cha chiyambi cha zinthu. Liwulo lidakondedwa, lidalowa m'mabuku a ana ndi m'zokopa alendo, koma maloto ndi chinthu chimene chimatha munthu akadzuka. A Anangu, eni ake a thanthwe lalikulu la Uluru, amachitcha chiphunzitso chawo Tjukurpa, ndipo amanenetsa kuti si maloto: ndi lamulo lonena amene ungakwatirane naye, amene ayenera kusamala chitsime chakutichakuti, nyengo yotentha tchire, ndi njira zimene makolo oyamba adayenda polenga mapiri ndi zigwa, zimene nyimbo zake zimatsogolera munthu ku madzi m'chipululu. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo alendo ambiri sadadekhe. Thanthwe lomwelo William Gosse adalitcha Ayers Rock mu 1873, polemekeza nduna ina ya boma la South Australia. Lidabwezedwa kwa eni ake pa 26 Okutobala 1985, ndipo kukwera pamwamba pake, kumene a Anangu adakhala akupempha alendo kuti aleke, kudaletsedwa pa tsiku lomwelo mu 2019.

Kummwera kwa Africa kukutiphunzitsa kuti kusintha liwu pakokha sikuchiritsa chilonda. Liwu lakuti "native" poyamba lidangotanthauza mbadwa, ndipo atsogoleri athu oyamba sadachite nalo manyazi: bungwe limene lidadzakhala African National Congress lidayamba mu 1912 ndi liwulo m'dzina lake, ndipo chaka chomwecho kumpoto kwa Nyasaland kudabadwa North Nyasa Native Association, m'mene Levi Mumba adali mlembi. Koma lamulo la malo la mu 1913 ku South Africa litasiyira anthu akuda magawo ngati 7 okha mwa magawo 100 a dziko, liwulo lidanunkha pamodzi ndi ziphaso ndi zikwangwani zimene lidalembedwapo. Boma la tsankho lidalisiya nkutola lina, "Bantu", limene katswiri wa zinenero Wilhelm Bleek adaligwiritsa ntchito m'buku lake la mu 1862 potchula banja la zinenero zathu. Ndilo liwu lathu lomwe lija lakuti anthu, liwu laulemu koposa onse. Koma litalembedwa pa lamulo la maphunziro la mu 1953, limene cholinga chake chidali kukonzekeretsa mwana wakuda ntchito zotumikira, nalonso lidasanduka chitonzo m'dziko limenelo. Dzina limatenga fungo la machitidwe amene liyenda nawo.

M'zaka za m'ma 1970 eni nthaka adayamba kudzitchula okha pamaso pa dziko lonse. A Inuit a ku Alaska, Canada ndi Greenland adasonkhana ku Barrow mu 1977, mudzi umene tsopano udabwerera ku dzina lake la Utqiaġvik, nagwirizana pa dzina lawo, limene tanthauzo lake ndi anthu. Ndipo mu 1999 a Inuit a ku Canada adalandira chigawo chawo cha Nunavut. Mafumu a ku Canada adasankha kutchedwa "First Nations", mitundu yoyamba, kuti liwu lija la "nation" limene lidasungidwira Azungu okha likhalenso lawo. Komabe nkhaniyi siyosalala monga ena amaifunira, pakuti a Yupik a ku Alaska si a Inuit, ndipo ambiri ku United States amasungabe dzina la "American Indian", popeza ndilo lili m'mapangano amene makolo awo adasainirana ndi boma, ndipo safuna kuti mlendo yemwe adawapatsa dzinalo awalandenso popanda kuwafunsa. Ine ndiona kuti njira yaulemu ndi imene mwana aliyense woleredwa bwino pamudzi amaidziwa: kufunsa munthu dzina lake ndi mfunda wake, ndi kumutchula monga wanenera mwini wake.

Ndipo ife tisafulumire kuloza chala, pakuti anyani amasekana zikundu. Makolo athu pofika m'dziko lino adapeza anthu aafupi msinkhu, osaka nyama ndi otola zipatso, amene timawatcha Akafula kapena Abatwa, ndipo zojambula zawo zofiira zikuonekabe m'mapanga a ku Chongoni m'boma la Dedza, malo amene UNESCO idawalemba m'kaundula wake mu 2006. Dzina lina limene tidawapatsa, lakuti Amwandionerapati, lidachokera m'nthano yoseka msinkhu wawo, ndipo tidalipereka kwa ana athu mibadwomibadwo osaona vuto.

Nkhondo yotsiriza ya mawu idamenyedwa pa chilembo chimodzi. M'Chingerezi "people" ndi anthu wamba ongochuluka, koma "peoples", ndi chilembo s kumapeto, ndi mitundu ya anthu, ndipo m'malamulo a pakati pa maiko mitundu ndiyo ili ndi ufulu wodzisankhira tsogolo lake. Nchifukwa chake pangano la bungwe la zantchito la ILO la mu 1957 lidangowatcha "populations", ngati chiwerengero cha m'kaundula. Pangano la mu 1989 lidavomera chilembocho, koma lidawonjeza ndime yochenjeza kuti liwulo lisatengedwe ngati likupereka ufulu wotero. Ndipo pa msonkhano wa ufulu wa anthu ku Vienna mu 1993 nthumwi za eni nthaka zidanyamula zikwangwani zolembedwa chilembo S chokha. Pa 13 Seputembala 2007 msonkhano waukulu wa United Nations udavomereza chikalata cha ufulu wa mitundu ya eni nthaka, chilembo chija chili m'malo mwake, ndi ufulu wodzisankhira tsogolo utalembedwa m'ndime yachitatu. Maiko oposa 140 adavomera, 11 sadaponye voti, ndipo 4 adakana: Australia, Canada, New Zealand ndi United States, onsewo maiko olankhula Chingerezi omangidwa pa nthaka ya eni ake. Pofika kumapeto kwa 2010 onse anayi adali atasintha maganizo ndi kuchivomereza chikalatacho, ndipo Canada idakhazikitsa lamulo lochitsatira mu 2021; koma ku Australia, pamene anthu adafunsidwa pa riferendamu ya pa 14 Okutobala 2023 ngati eni nthaka angakhale ndi bungwe lolangiza nyumba ya malamulo lolembedwa m'malamulo aakulu a dziko, anthu ngati 60 mwa 100 alionse adakana.